Zinyalala zopanda mwini pagombe la Cape Maclear

Mudzi wa Chembe, umene alendo ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Cape Maclear, unakhala pamalo opanikizika kwambiri. Kumaso kwake kuli nyanja, kumbuyo kwake kuli mapiri amiyala amene ali m'manja mwa paki, ndipo pakati pa ziwirizi pali mchenga ndi kachigwa kamene anthu amangapo nyumba, alimapo chimanga, aikapo manda, masukulu, mathandala oyanikapo usipa ndiponso malo ogona alendo amene andandalika m'mphepete mwa madzi. Paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala yozungulira zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Anthu a ku Chembe sanasamutsidwe pamene malire a paki ankadulidwa, koma malo awo anathera pomwepo. Chiyambire nthawi imeneyo anthu achuluka, malonda akula, alendo awonjezeka, pamene nthaka ndi yomwe ija. N'chifukwa chake funso lakuti chinthu chotayidwa chipite kuti lilibe yankho lapafupi kuno, kusiyana ndi midzi ya kumtunda kumene kuseri kwa nyumba iliyonse kuli munda kapena thengo lokumbapo nkhuti.

Kuchikazi kwathu ndi kumbali ya Monkey Bay, choncho gombe limeneli sindiliona ngati mlendo wodzasambira ayi, koma ngati malo amene abale anga amachapirapo zovala, kutsukirapo mbale ndi kugulirapo nsomba zokagulitsa kumtunda. Ndikakhala kumeneko ndimakonda kuyenda m'mamawa, ngalawa za zilimira zikamakocheza ndi usipa wa usiku, ndipo pali chinthu chimene munthu amachizindikira akayamba kuyang'ana pansi m'malo moyang'ana zilumba. Simudzapeza botolo lagalasi la Fanta kapena la Carlsberg litagona pamchenga mpaka dzuwa kufika pamutu. Simudzapezanso chitsulo, waya wamkuwa, kapena chigubu chabwinobwino cha malita asanu. Botolo lagalasi lili ndi dipoziti, ndipo mwini golosale sangalandire kireti yodzaza ngati sanabweze yopanda kanthu, choncho mwana aliyense amadziwa kuti botolo limenelo ndi ndalama. Chitsulo chili ndi anyamata oyenda ndi sikelo amene amachigula pakilogalamu. Zitini zina zimathera kwa amisiri osungunula amene amaumba nazo mapoto. Chigubu chimatungira madzi. Ngakhale kabotolo kapulasitiki ka theka la lita kamene kali ndi chotsekera chake kamapeza ntchito: amayi amathiramo thobwa, ogulitsa mafuta ophikira amapimiramo, ndipo asodzi amakamangirira ku ukonde kuti uziyandama.

Zimene zimatsala pamchenga ndi zimene palibe amene angapereke nazo ngakhale tambala. Ndikunena majumbo opyapyala abuluu ndi akuda, timapepala ta mabisiketi ndi ta kamba, timachubu ta mafilizesi, timapaketi ta sopo waufa timene timang'ambidwa pomwepo pochapa, zotsekera mabotolo, mapaketi a Chibuku, timabokosi toyera tonyamuliramo tchipisi, patapata woduka, zidutswa za maukonde, ndiponso matewera otaya amene masiku ano afika m'mudzi uliwonse. Kwa ine, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu a kunyanja si auve, ndipo sasowa wowaphunzitsa kuti chinthu chakale chikhoza kugwiranso ntchito, pakuti akhala akuchita zimenezo kuyambira kalekale mwaluso loposa la anthu ambiri a m'mizinda. Chinthu chimene chili ndi mtengo chimachoka chokha pagombe popanda khonsolo, popanda chikwangwani, popanda msonkhano. Chimene chimativuta ndi zinyalala zopanda mtengo, zimenenso zilibe mwini, chifukwa amene anazipanga ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, amene anazigulitsa analandira kale ndalama yake, ndipo amene anazigwiritsa ntchito wakwera basi wapita.

Makolo anati mlendo ndi mame, kutiphunzitsa kuti timupirire ndi kumusamala chifukwa sachedwa kuchoka. Mawuwo ndi oona kwa munthuyo, koma katundu amene amabwera naye masiku ano sakamuka dzuwa likatuluka. Mlendo mmodzi wogona masiku ochepa nyengo yotentha ya October amamwa mabotolo amadzi ochuluka kuposa amene banja lonse la m'mudzimo lingagule pa mwezi, ndipo chakudya chake chambiri chimafika chitakutidwa m'mapulasitiki, m'zitini ndi m'mabotolo a vinyo ndi a mowa waukali amene alibe dipoziti ndipo palibe wowalandira. Pano ndiyenera kunena mosapsatira kuti mlendo amene ndikumunenayu si mzungu yekha. Pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 October, pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi pa Pasaka, magombe a Mangochi, Senga Bay ndi Nkhata Bay amadzaza ndi ife eni dziko: magulu a kumpingo, ana asukulu, a m'maofesi, mabanja obwera ndi zakumwa zodzaza kumbuyo kwa galimoto. Ndi chinthu chokondweretsa kuti Amalawi tayamba kusangalala ndi nyanja yathu, ndipo ndalama zimene timasiya kumeneko zimadyetsa mabanja ambiri. Koma amene anaonapo gombe m'mawa wa pa 2 January akudziwa zimene timasiyanso kupatula ndalamazo.

Nanga zinyalala zimenezi zimapita kuti? Njira zilipo zitatu basi: kukwirira, kutentha, kapena kutaya kukhwawa n'kudikira mvula. Kukwirira kumavuta chifukwa nthaka ndi yamchenga, nkhuti imagumuka, ndipo pafupi ndi gombe madzi apansi sali patali. Anyani otsika m'mapiri a paki amafukula zimene zatayidwa, mbuzi zimameza majumbo onunkhira mchere ndi mafuta, ndipo opha mbuzi amakuuzani za mipukutu ya pulasitiki imene amaipeza m'chifu. Kutentha ndiye kofala. Tsiku lina ndinaperekeza mphwanga amene ankagwira ganyu pa malo ena ogona alendo, ndipo ndinalowera kuchipata cha antchito. Kumaso kwa malowo mchenga unali utapalidwa bwino ndi leki, mizere yake ili yowongoka, popanda ngakhale chotsekera botolo chimodzi. Kuseri kwa khitchini, mkati mwa mpanda wa bango, kunali dzenje lofuka utsi wakuda, mmene munali mabotolo apulasitiki ofota ndi moto, makoko a mapapaya, mitu ya kampango, matewera ndi mabotolo agalasi ophulika. Mnyamata ankatakasa motowo ndi mtengo atadziphimba mphuno ndi malaya, ndipo utsiwo sunkapita kumene alendo ankadyera kadzutsa koma kumbuyo, kunyumba zoyandikana ndi mpandawo kumene mayi wina ankaphika phala la ana. Mwini malowo si munthu woipa mtima, ndipo ndikukhulupirira kuti galimoto yotenga zinyalala ikanakhala ikubwera akanalipira mosanyinyirika. Koma ukhondo wa kumaso kwa malo ake unkalipiridwa ndi zifuwa za anthu a kuseri, pakuti utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni amene sathera m'mphuno mokha.

Njira yachitatu ija, yodikira mvula, ndi imene imandidetsa nkhawa koposa, chifukwa ambiri timaganiza kuti nyanja ndi yaikulu moti singadzaze. Kukula ndiye ndi yaikuludi, yotalika makilomita oposa 500 ndipo kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Koma mitsinje yothira m'nyanjayi ndi yambirimbiri pamene wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ochuluka amene nyanja imataya pachaka amachoka ngati nthunzi, osati kudzera mu mtsinjewo. Nthunzi sinyamula jumbo. Chimene chalowa chimakhala momwemo zaka zosawerengeka, chikukankhidwa ndi mwera kapena mpoto kuchoka gombe lina kupita lina, chikufumbutuka ndi dzuwa kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timasakanikirana ndi chakudya cha nsomba. Zochepa zimene zatulukira ku Shire zimadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi, kulowa mu Malombe, kufika pa Liwonde, ndipo zimakaphatikana ndi namasupuni ndi zinyalala zina zimene zimavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Mu 2024, pamene madzi a m'nyanja anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, maenje ndi zimbudzi zimene zinali pafupi ndi gombe zinamira limodzi ndi zonse zinali mkati mwake. Zimene anthu ankayesa kuti anakwirira zinabwerera m'madzi omwe amasamba.

Sindikufuna kunamizira pulasitiki mlandu wa kolera, chifukwa kolera imafala ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi kapena m'chakudya. Komabe amene anakhala kunyanja pa mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, sangaone thewera lotayidwa m'khwawa ngati nkhani ya maonekedwe chabe. Ngalande yotsekeka ndi majumbo imasunga madzi oipa pakati pa nyumba, ndipo mvula yoyamba imakokolola zonsezo kukazithira pamalo pomwe ana amasambira ndi pomwe amayi amatsukira mbale.

Malamulo tili nawo, ndipo mbiri yake ndi yodziwika. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki). Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, ndipo nkhaniyo inakokedwa mpaka mwezi wa July 2019 pamene khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa amene analimbikira pa nkhondo imeneyi, analandira mphoto ya Goldman, yoperekedwa kwa oteteza zachilengedwe, mu 2021. Lipoti limene linatuluka mu 2019 linayerekeza kuti dziko lino limapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 pa 100 aliwonse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Ngakhale chigamulo chija chinaperekedwa, milandu ina inabukanso pambuyo pake, ndipo m'zaka zonsezo jumbo yopyapyala sinasowe pamsika. Ine ndili kumbali ya lamuloli ndi mtima wonse, ndipo ndikufuna bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA lizilondola kumafakitale ndi kumalire kumene katunduyu amachokera, osati kulimbana ndi mayi wogulitsa tomato amene alibe chomangira china. Koma tiyeneranso kuvomereza kuti ngakhale jumbo yopyapyala itatheratu mawa, botolo la madzi, kapepala ka bisiketi ndi thewera sizikhudzidwa ndi lamulo limeneli.

Chimodzimodzinso tsiku losesa. Mu November 2020 boma linakhazikitsa kuti Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse anthu azituluka kukasesa m'madera mwawo, ndipo kunyanja achinyamata, eni malo ogona alendo, oyendetsa maboti ndi ana asukulu akhala akutola zinyalala pagombe ngakhale tsikuli lisanabwere. Ntchito imeneyi ndimailemekeza, ndipo amene amaichita modzipereka ndi anthu okonda kwawo. Vuto limabwera madzulo, matumba atadzaza, pamene aliyense amayang'ana mnzake kuti tsopano tipite nawo kuti. Ngati yankho ndi kuwaunjika pansi pa mlambe n'kuwayatsa, ndiye kuti tangosamutsa zinyalala kuchoka pamchenga kuziika mumpweya.

Ambiri akamva zimenezi amafulumira kunena kuti mabotolowo akonzedwenso, asungunulidwe apange zinthu zina monga amachitira kunja. Maganizowo ndi abwino, koma tiyeni tiwerengere limodzi. Kabotolo kamadzi ka theka la lita sikalemera kupitirira magalamu 25, kutanthauza kuti pamafunika mabotolo osachepera 40 kuti akwane kilogalamu imodzi. Mabotolo osaphwanya ndi mpweya wokhawokha, moti lole ikhoza kudzaza mpaka pamwamba itanyamula katundu wopepuka amene mtengo wake sungagule dizilo wa ulendowo. Mafakitale amene amagula pulasitiki wakale ali m'mizinda, ndipo kuchoka ku Chembe muyenera kukwera phiri kukafika pamphambano ya Monkey Bay, kutsata msewu wa ku Mangochi, kenaka kuyenda makilomita ena pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi Zomba kuti mufike ku Blantyre. Kuwonjezera apo, pulasitiki si mtundu umodzi. Wa zigubu, mabeseni ndi mipando yothyoka amagulidwa msanga chifukwa amasungunulidwa n'kupanga zidebe ndi mapaipi. Wa mabotolo a madzi amafuna msika wake. Timapepala tonyezimira ta mabisiketi, timene timapangidwa pomata pulasitiki ndi zinthu zina, palibe amene amatifuna. Ntchito zamanja zimene magulu a amayi ndi achinyamata amachita, monga kuluka zikwama ndi majumbo, kudula mabotolo a vinyo kukhala matambula, kapena kupanga mapepala ndi makatoni akale, zimabweretsa ndalama m'manja mwa anthu ndipo ziyenera kulimbikitsidwa, koma zimamwa kagawo kochepa kwambiri ka zimene zimafika pagombe mlungu uliwonse.

Kuti katunduyu ayende popanda kuluza, pafunika zinthu ziwiri zimene si zodabwitsa konse. Choyamba ndi shedi yokhala ndi makina opsinjira mabotolo ndi makatoni kukhala mitolo yolimba, pamalo amodzi monga pa Monkey Bay, pamene zochokera ku Chembe, Msaka ndi madoko ena zingakumanirane. Chachiwiri ndi kugwiritsa ntchito magalimoto amene amabwerera opanda kanthu. Malole amene amabweretsa zakumwa, simenti ndi katundu wa m'magolosale amabwerera kumzinda ali ndi malo, ndipo njira yomwe botolo linadzera ndi yomwe liyenera kubwererera. Makampani a zakumwa amadziwa kale kachitidwe kameneka, pakuti ndi mmene makireti a mabotolo agalasi akhala akuyendera kwa zaka zambiri, mpaka kumidzi imene msewu wake ndi wovuta.

Apa ndi pamene ndimaona kuti tinabwerera m'mbuyo tikuyesa kuti tikupita patsogolo. Tinali ndi dongosolo limene botolo limodzi linkazungulira kambirimbiri pakati pa fakitale ndi wogula, ndipo pang'onopang'ono tikulisiya chifukwa botolo lapulasitiki ndi lopepuka, silisweka, ndipo kampani ikaligulitsa siliyembekezeranso. Phindu la kupepukako limapita kwa wopanga, pamene mtolo wake umatsalira mudzi. Ku South Africa makampani ogwiritsa ntchito mabotolo apulasitiki anakhazikitsa bungwe la PETCO mu 2004 kuti lizilipirira kutolera ndi kukonzanso mabotolowo, ndipo kuyambira 2021 malamulo a dzikolo amakakamiza opanga ndi oitanitsa katundu kusenza udindo wa zokutira zawo. Sindikuona chifukwa chimene ife tingalepherere kuyamba ndi chinthu chaching'ono: dipoziti pa botolo lililonse lapulasitiki la chakumwa, yobwezedwa kwa aliyense amene walibweretsa pa shedi. Tsiku limene botolo lopanda chotsekera, lophwanyika, lodzaza mchenga lidzakhale ndi mtengo wodziwika, anthu omwe aja amene amatola zitsulo adzalitola, ndipo adzatero m'makwawa ndi m'mabango momwe gulu losesa silifikamo. Ndingopempha kuti ntchito imeneyi ikhale ya akuluakulu olembedwa bwino, okhala ndi magolovesi ndi nsapato, kuti isasanduke chifukwa china chojombetsera ana kusukulu, pakuti kunyanja vuto limenelo lilipo kale chifukwa cha usodzi.

Dziko la Kenya linatenga njira ina yowonjezera: kuyambira mwezi wa June 2020 linaletsa kulowa ndi mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi m'mapaki, m'nkhalango zotetezedwa ndi m'magombe. Kwa paki ngati yathuyi, maganizo amenewa ndi oyenera kuwalingalira, makamaka pa maboti opita kuzilumba kumene alendo amakaonera mbuna ndi kudyetsa nkhwazi. Koma sindingavomereze kuti tingoletsa botolo la madzi popanda kuika china m'malo mwake, chifukwa mlendo amagula botololo poopa kutsegula m'mimba, ndipo mantha akewo ali ndi maziko. Malo aliwonse ogona alendo atakhala ndi madzi osefedwa bwino odzazira m'botolo limene munthu wabwera nalo, pamtengo wotsika kuposa wa botolo latsopano, mulu wa kuseri kwa khitchini ukhoza kuchepa kwambiri popanda wina kukakamizidwa. Malo ena anayamba kale kuchita zimenezi mwa kufuna kwawo, ndipo chatsala ndi chakuti chikhale chimodzi mwa zofunika munthu asanapatsidwe chiphaso cha bizinesi.

Komabe chinthu chimene chingasinthe zinthu msanga koposa sichifuna makina kapena lamulo la ku Nyumba ya Malamulo. Gawo lalikulu la zimene timataya m'misika ndi m'makhitchini mwathu ndi zowola: makoko, masamba, zotsala za nsima, matumbo ndi mamba a nsomba, phulusa ndi zosesa pabwalo. Zimenezi ndi zimene zimalemera, zimanunkha, zimaitana ntchentche ndi anyani, ndipo zikasakanikirana ndi makatoni ndi mabotolo zimaononga katundu amene akanagulidwa. Zikapatulidwa pomwepo pamene zatayidwira, mu ndowa yakeyake, zimasanduka manyowa m'miyezi yochepa, ndipo minda ya mchenga ya kuseri kwa Chembe ikulira manyowa amenewo pa nthawi ino imene thumba la feteleza lakwera mtengo kuposa mphamvu za mlimi wamba. Alimi ambiri anazolowera kale kupanga manyowa ndi kusakaniza feteleza wa Mbeya, choncho luso lilipo. Malo ogona alendo amene amagula ndiwo zamasamba kwa alimi a m'deralo akhoza kubweza zowola zawo kwa alimi omwewo. Zowola zikachoka, zotsalazo ndi zouma, sizinunkha, zikhoza kudikira mlungu wathunthu m'matumba mpaka ngolo kapena thirakitala itabwera.

Zikapatulidwa zowola, zogulitsika ndi zobwezedwa, pamatsalabe zina zimene palibe chochita nazo koma kuzichotsa m'mudzimo. Matewera ali m'gulu limeneli. Mulinso mabatire a nyali zimene asodzi amawalitsira usipa usiku, zigubu za oyilo wa injini za maboti, magalasi osweka, ndiponso maukonde a nayiloni othaitha amene akasiyidwa m'madzi amapitiriza kukola nsomba popanda wodzaonjola. Zimenezi zimafuna malo otayirako okonzedwa bwino, otchingidwa ndi mpanda, akutali ndi madzi, ndipo popeza Chembe yazunguliridwa ndi paki, malo otero ayenera kupezeka kunja, mogwirizana ndi mfumu yaikulu Nankumba ndi mafumu a midzi imene ingapereke nthaka. Mudzi wolandira zinyalala za anzawo uyenera kupindulapo moonekeratu, ndipo anthu ake ndiwo ayenera kuyamba kulembedwa ntchito pamalopo. Makomiti a m'madoko, amene kale amayang'anira za usodzi ndi kulanda maukonde oletsedwa, ndi amene angathe kusonkhanitsa maukonde akutha ndi mabatire, chifukwa amadziwa mwini ngalawa aliyense ndi alovi ake.

Zonsezi zimafuna mwini, ndipo lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka kale udindo wochotsa ndi kusamala zinyalala kwa makhonsolo. Chovuta ndi chakuti malo ngati Cape Maclear m'mabuku a boma ndi mudzi, pamene zinyalala zake ndi za tauni. Ali pansi pa khonsolo ya boma la Mangochi, imene iyenera kuyang'anira dera lalikulu kwambiri lokhala ndi anthu oposa miliyoni imodzi, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Namwera ndi ku Chilipa, ndi ndalama zochepa zotolera m'misika ndi pa ziphaso. Si nzeru kuyembekezera kuti msonkho wa mayi wogulitsa mandasi ndiwo ulipirire kuchotsa mabotolo a vinyo. Ndalama ziyenera kuchokera kumene zinyalala zikuchokera. Mlendo akagona pa malo olembetsedwa amalipira kale msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti pa bilu yake, ndipo akalowa m'paki amalipiranso pachipata. Ine ndikuona kuti gawo lodziwika la ndalama zimenezi, kapena kandalama kena kochepa pa bedi lililonse usiku uliwonse, liyenera kutsala m'deralo m'thumba loonekera, loyang'aniridwa pamodzi ndi khonsolo, mafumu, eni malo ogona alendo ndi a paki, ndipo ntchito yake ikhale imodzi yokha: kulipira otolera zinyalala, mafuta a thirakitala ndi woyang'anira shedi. Kutsatsa nyanja yathu kumayiko akunja kulibe phindu ngati mlendo wobwera chifukwa cha chithunzi akapeza thewera likuyandama pambali pake.

Anthu amakayika kupereka ndalama zotere chifukwa anaonapo matumba ambiri akuyamba bwino n'kuzimirira, ndipo kukayikako n'komveka. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi lonjezo laling'ono limene aliyense angathe kuliona ndi maso: kuti ngolo idzadutsa Lolemba ndi Lachisanu, kuti idzatenga zouma zokha, kuti ndalama zolowa ndi zotuluka zidzamatidwa pa bolodi pamsika mwezi uliwonse. Pa masiku a chikondwerero pafunika dongosolo lapadera, ndipo wokonza phwando kapena woimika mabasi pagombe azisiya chikole chimene adzabwezeredwa pokhapokha malowo atasiyidwa monga anawapezera. Ndipo ngati mphamvu zilipo zochepa moti sizingakwanire chaka chonse, zilunjike pa October ndi kumayambiriro kwa November, kuyeretsa makwawa ndi ngalande zonse zotsikira kunyanja mvula yoyamba isanagwe, pakuti zinyalala za miyezi isanu ndi umodzi ya chilimwe zimalowa m'madzi pa tsiku limodzi limenelo.